Kodi Mkulu wa Zamasewera Timuyese ndi Zikho Kapena ndi Mabuku?

Inu anyamata ndi atsikana a m'magulu athu, ambiri a inu mumakonda mpira. Nkana ikakumana ndi Power Dynamos, mzinda wa Kitwe umagawika pakati, ena abvala zofiira, ena zacikasu, ndipo ngakhale pacibale pamayamba kulowa mphepo. Koma kodi munayamba mwadzifunsapo kuti majezi aja anagula ndani, basi imene inanyamula osewera analipira ndani, ndiponso kuti munthu amene amasunga thumba la zonsezi amalandira zingati pa mwezi? Lero tiyeni tiganizire nkhani imeneyi, makamaka pa masewera a pa yunivesite, kumene ena a inu muli kale, ndipo ena mukulimbikira sukulu kuti mukafikeko. Funso lathu nali: munthu akapatsidwa udindo woyang'anira masewera ndi ndalama zake pa sukulu yaikuru, kodi nchito yake tiiyese ndi ciani, ndipo malipiro omuyenera ndi otani?

Ndalama za eni ake

Ku Riverside, mu msewu wa Jambo Drive, kuli Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1987. Sukulu yake ya zaudokotala iri ku Ndola. Monga pa mayunivesite ena a boma, ophunzira kumeneko amasewera mpira wa miyendo, mpira wa manja ndi masewera ena, ndipo amapikisana ndi anzao a m'masukulu ena. Kuti zimenezi zitheke pamafunika ndalama zogulira mipira ndi zobvala, zokonzera mabwalo, za mayendedwe, za cakudya ndi malo ogona pa ulendo, ndiponso malipiro a anthu olembedwa nchito yoyang'anira masewera.

Ndalama za yunivesite ya boma zimacokera kwenikweni kuwiri. Zina zimacokera ku boma, ndiye kuti ku misonkho ya anthu onse, kuyambira wa mu mgodi kufikira mai wogulitsa tomato ku Chisokone. Zina zimacokera ku mafizi a ophunzira, ndipo ophunzira ambiri amalipira mafizi amenewo ndi ngongole ya boma imene adzabweza akadzayamba nchito. Mukukumbukira kuti m'caka ca 2019 boma linacotsa ndalama za cakudya zimene ophunzira anali kulandira, ndipo zinabwereranso mu 2023. Pa zaka zimenezo ophunzira ena anali kulowa m'kalasi ndi njala. Tsono muone kuti ndalama iriyonse imene yapita ku bwalo la mpira ikadatha kupita ku laibulale, ku nyumba zogona ophunzira kapena ku malipiro a aphunzitsi. Sitikunena kuti kuipereka ku masewera n'kulakwa ai. Tikunena kuti amene waigwira wagwira ndalama ya eni ake, ndipo eni akewo ambiri ndi osauka. Apa ndiye pagona nkhani yathu yonse.

Zimene zacitika ku America

Kwathu kuno masewera a pa yunivesite akali ang'ono. Kuti tione bwino kumene njira iyi imatha kufikitsa anthu, tiyeni tiyang'ane dziko la United States, kumene masewera a pa yunivesite anasanduka malonda aakuru. Kumeneko yunivesite imakhala ndi ofesi yake ya zamasewera, ndipo mkulu wa ofesiyo ndiye amalemba nchito aphunzitsi a matimu, amapangana ndi makampani ndi a wailesi ya kanema, ndiponso amakonza bajeti. Pa mayunivesite ochuka kwambiri mkulu ameneyu amalandira madola oposa 1 miliyoni pa caka. Aphunzitsi a matimu amene iye amawalemba amalandira zoposa pamenepo. Nick Saban, amene anali mphunzitsi wa timu ya University of Alabama mpaka anapuma nchito mu January 2024, anafika polandira madola oposa 11 miliyoni pa caka. M'zigawo zambiri za dzikolo, munthu wolandira malipiro aakuru koposa onse olembedwa ndi boma sakhala dokotala kapena woweruza milandu, amakhala mphunzitsi wa timu ya yunivesite.

Mwina mukuganiza kuti poti malipiro ndi otere, masewerawo amabweretsa phindu lalikuru ku sukulu. Zoona zake n'zakuti mayunivesite ambiri amaononga zambiri koposa zimene amapeza. Bungwe la NCAA, limene limayang'anira masewera amenewa, linaonetsa kuti mu 2019, mwa mayunivesite 130 a m'gulu lapamwamba, 25 okha ndiwo anapeza ndalama zoposa zimene anaononga. Ena onse anafunika kuthandizidwa ndi thumba la sukulu kapena ndi mafizi a ophunzira, kuphatikizapo ophunzira amene sanapondepo pa bwalo.

Mu November 2023 yunivesite ya Texas A&M inacotsa nchito mphunzitsi wa timu yake, Jimbo Fisher, cifukwa timu sinali kupambana monga anali kuyembekezera. Koma mgwirizano umene akuluakulu anasaina unali wakuti akamucotsa nthawi isanakwane adzamulipirabe, cotero anayenera kumupatsa madola oposa 75 miliyoni kuti acoke. Munthu analephera nchito, koma anapita ndi cuma coti mdzukulu wake sadzacimaliza. Kodi wolakwa ndi iye amene analandira, kapena amene analemba pangano lotere ndi ndalama zosakhala zao?

Ku California kulinso mzinda wochedwa Riverside, dzina limodzimodzi ndi Riverside wathu, ndipo nakonso kuli yunivesite ya boma. M'caka ca 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, ndalama zitacepa, komiti ya sukuluyo inapereka ganizo lakuti masewera ampikisano angotsekedwa onse. Panali mkangano waukuru, ndipo mu 2021 akuluakulu anagamula kuti masewera apitirire. Yunivesite ya Stanford nayo inalengeza mu 2020 kuti itseka masewera 11, koma inabweza ganizolo mu 2021 ophunzira ndi anthu amene anaphunzirapo kale atadandaula kwambiri. Taonani kuti ndalama zikabvuta, oyamba kuopsezedwa ndi ana osewera, makamaka a masewera osachuka.

Cinanso n'cakuti kwa zaka zambiri osewera enieniwo, amene anthu anali kulipira kuti awaone, sanali kuloledwa kulandira malipiro. Anali kupatsidwa maphunziro aulere, malo ogona ndi cakudya, pamene akuluakulu anali kulemera. Lamulo linayamba kusintha mu July 2021, pamene analoledwa kupeza ndalama ndi maina ao ndi zithunzi zao potsatsa malonda. Mu June 2025 khoti linabvomereza pangano lakuti yunivesite itha kugawana ndi osewera ake ndalama zofika madola 20.5 miliyoni m'caka coyamba. Cilungamo cinafika, koma cinacedwa.

Phunziro la kwathu kuno ku migodi

Musaganize kuti izi n'za kutsidya kwa nyanja kokha. Funsani makolo anu za masiku a ZCCM, kampani ya migodi imene inapangidwa mu 1982. Migodi ndiyo inali kusamala matimu monga Nkana, Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers, Konkola Blades ndi Roan United. Inali kusamalanso mabwalo, maholo a masewera ndi maiwe osambiramo m'makomboni. Mwana wa m'komboni anali kupeza malo osewerapo ndi munthu womuphunzitsa popanda kulipira. Zipatso zinaoneka. Mu 1990 Nkana inafika m'ndime yomaliza ya cikho ca akatswiri a mu Africa, ndipo inagonja kwa JS Kabylie ya ku Algeria pa mapenate. Mu 1991 Power Dynamos, imene inali kuthandizidwa ndi kampani ya magetsi ya ku migodi, inagonjetsa BCC Lions ya ku Nigeria ndi kutenga cikho ca mu Africa ca matimu opambana zikho. Caka comweco Samuel Matete, mwana wa ku Chingola, anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi ku Tokyo pa liwiro la mamita 400 lolumpha zochinga, ndipo mu 1996 anatenga mendulo ya siliva pa masewera a Olympics ku Atlanta. Iyeyu anaphunzirako ku Auburn University ku America, cotero masewera a pa yunivesite akayendetsedwa bwino atha kumukweza mwana wa kwathu.

Koma mtengo wa mkuwa utagwa ndi ngongole za kampani zitacuruka, migodi inagulitsidwa, ndipo nchito yogulitsayo inatha m'caka ca 2000. Eni ake atsopano anabwerera mkuwa, sanabwerere mpira. Matimu ambiri anabvutika, mabwalo ena anamera udzu, ndipo mu 2004 Nkana yeniyeniyo inatsika mu ligi yaikuru. Inadzabwereranso ndi kupambananso zikho, koma phunziro linatsala. Ulemerero wonse uja unali utatsamira pa thumba limodzi. Thumbalo litabooka panalibe cina cogwira. Mtsogoleri wa zamasewera amene amangowerenga zikho za lero osaganiza kumene ndalama za mawa zidzacokera, akumanga nyumba pa culu ca ciswe.

Cikho ndi mboni yosakwanira

Tsono tibwerere ku funso lathu. Anthu ambiri amati mkulu wa zamasewera ayesedwe ndi kupambana kwa matimu ake. Akabweretsa zikho amuonjezere malipiro, akalephera acoke. Ganizo limeneli likumveka, ndipo siliri lopanda nzeru. Munthu wolembedwa nchito ayenera kuonetsa zipatso, ndipo timu imene imangogonja caka ndi caka iri ndi bvuto limene wina ayenera kuyankhapo. Koma cikho pacokha ndi mboni yosakwanira, pa zifukwa zitatu.

Coyamba, cikho cimatha kugulidwa ndi ngongole. Mkulu atha kuthira ndalama zonse m'timu imodzi ya anyamata, kusiya atsikana opanda ngakhale mpira umodzi, kusiya osalipira a mabasi ndi ogulitsa zakudya, ndipo pa mapeto a caka n'kunyamula cikho pamaso pa anthu. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Iye akadzacoka kupita ku nchito ina yabwino, ngongole idzatsala ndi ophunzira amene anali asanalowe n'komwe pa sukulupo.

Caciwiri, munthu amene malipiro ake amadalira kupambana kokha amalowa m'mayesero. Amayamba kulowetsa m'timu anthu osakhala ophunzira, kunamiza zaka za osewera, kukakamiza wobvulala kuti asewere, kapena kupempha aphunzitsi kuti amukhozetse mayeso mnyamata amene sanalowe m'kalasi. Sikuti munthuyo anabadwa woipa ai. Muyeso umene tamupatsa ndiwo ukumukankhira kumeneko. Mukauza mlonda wa munda kuti mudzamulipira molingana ndi anyani amene wapha, musadabwe mukadzapeza kuti akuweta anyani.

Cacitatu, pa mpikisano uliwonse cikho n'cimodzi. Matimu 16 akapikisana, 15 adzabwerako manja ali m'khosi, ngakhale atsogoleri ao onse atagwira nchito mokhulupirika. Mpira umatha kugunda mtengo wa golo pa mphindi yomaliza. Kodi n'cilungamo kuti moyo wa munthu ndi banja lake upacikidwe pa mtengo wa golo? Ndiponso kodi n'cilungamo kuti wakuba akhululukidwe cifukwa mpira wake unalowa?

Kodi agwire yaulere?

Pali ena amene amapita mbali ina. Iwo amati masewera ndi cibwana, cotero woyang'anira masewera pa sukulu alandire zocepa kwambiri, kapena angodzipereka. Ganizo ilinso n'lolakwa. Nchito imeneyi imafuna maphunziro, imadya Loweruka ndi masiku a chuthi, ndipo munthu amayenda usiku ndi ana a eni ake, moyo wao uli m'manja mwake. Iyenso ali ndi ana ofuna mafizi ndi nyumba yofuna lendi. Mukamulipira zosakwanira, anthu aluso adzathawa nchitoyo, ndipo amene adzatsale adzayamba kudzilipira okha mwakabisira: mafuta a galimoto olembedwa kawiri, malisiti opeka, maulendo a ku misonkhano imene sinacitike. Malipiro ocepetsa sasunga ndalama, amangosamutsa malo amene ndalama zikutayikira.

Cotero malipiro oyenera ndi amene munthu angathe kukhala nawo mwaulemu, ofanana ndi a anzake a udindo wolingana nawo pa sukulu yomweyo. Akhale malipiro oti atachulidwa pamaso pa ophunzira ndi aphunzitsi, wolandirayo sangagwetse nkhope. Ngati malipiro afunika kubisidwa kuti anthu asakwiye, ndiye kuti pali cimene calakwika. Akhalenso malipiro amene amamva kuwawa pamodzi ndi ena. Sikoyenera kuti caka cimene timu ya atsikana yalephera ulendo cifukwa ca kusowa ndalama, cikhale caka comweco cimene mkulu waonjezeredwa malipiro. Ndipo asadziikire yekha, kapena kuikiridwa ndi anzake amene iye adzawabwezera zabwino mawa.

Miyeso inai

Nanga ngati cikho sicikwanira, timuyese ndi ciani? Nayi miyeso inai imene inu eni mungathe kuigwiritsa nchito.

Woyamba ndi mabuku. Kodi ndalama zimene zinalowa ndi zimene zinaturuka zalembedwa, ndipo malisiti alipo? Kodi munthu wina wosakhala mnzake waona mabukuwo ndi kubvomereza? Kodi ophunzira, amene ndiwo eni ndalama, atha kuwaona akafuna? Munthu wokhulupirika sakwiya mukamufunsa lisiti, amakondwa cifukwa lisitilo limamuteteza ku miseche.

Waciwiri ndi ciwerengero ca osewera. Yunivesite iri ndi ophunzira zikwi zambiri. Ngati onse amalipira koma osewera ndi anyamata 25 okha, ndiye kuti ambiri akudyetsa ocepa. Mkulu wabwino amafunsa kuti ndi angati amene caka cino apeza mpata wothamanga, wosewera kapena wolimbitsa thupi, ndipo pakati pao atsikana ndi angati, olumala ndi angati. Musaiwale kuti Racheal Kundananji, amene mu February 2024 anagulidwa ndi timu ya Bay FC ya ku America pa mtengo umene panthawiyo unaposa wa mkazi aliyense wosewera mpira, anasewerako mu Indeni Roses ya ku Ndola. Pakadapanda anthu amene anaona kuti timu ya atsikana nayo iyenera thandizo, luso lotere likadafera m'komboni.

Wacitatu ndi moyo wa wosewera akacoka pa bwalo. Kodi osewera amatsiriza maphunziro ao? Wina akathyoka mwendo, kodi amamusamala kufikira atacira, kapena amamuiwala tsiku lomwelo? Yunivesite ndi sukulu poyamba. Mnyamata amene wamwetsa zigoli 20 koma walephera mayeso ndi kubwerera kwao wopanda pepala, sukulu yamudyera masuku pamutu.

Wacinai ndi cimene mkuluyo adzasiya. Kodi akadzacoka adzasiya mabwalo okonzeka, zipangizo zowerengedwa ndi thumba lopanda ngongole? Kodi wapeza njira zingapo zopezera ndalama, kapena zonse zatsamira pa munthu mmodzi wolemera kapena kampani imodzi, monga zinaliri m'masiku a ZCCM?

Mkulu amene wakhoza pa miyeso inaiyi ndipo wabweretsanso cikho, tiyeni timuombere m'manja kawiri. Amene wakhoza pa inaiyi koma cikho camuphonya, ndi wanchito wabwino ndithu, apatsidwe nthawi. Koma amene wabweretsa cikho atalephera pa mabuku, asatinyenge ndi kuwala kwa cikhoco. Bvuto n'lakuti munthu wotere amabvuta kumucotsa, pakuti ocemerera amamukonda, ndipo khoswe akakhala pa mkhate sapheka. N'cifukwa cake malamulo a kasungidwe ka ndalama ayenera kuikidwa kale, munthu asanachuke.

Nanga inu?

Mwina mukuti, ife sitiri akuluakulu a yunivesite, nkhani iyi itikhudza bwanji? Ikukhudzani pawiri. Poyamba, inu ndinu ocemerera. Akuluakulu amathamangira zikho mwa njira iriyonse cifukwa amadziwa kuti ife timangofunsa kuti tawina kapena taluza. Tsiku limene ophunzira adzayamba kufunsa mwaulemu pa misonkhano yao kuti ndalama za masewera zinayenda bwanji, atsogoleri adzayamba kusunga malisiti. Kufunsa sikutanthauza kuphwanya mawindo kapena kunyoza munthu popanda umboni. Kumuchula munthu wakuba musanaone mabuku ndi kulakwa kofanana ndi kumuchula ngwazi musanaone mabuku.

Kaciwiri, gulu lanu nalo liri ndi thumba. Mumasonkha ndalama zogulira mpira ndi majezi, mumatsuka magalimoto, mumalima munda, mumacita ulendo wokasewera ndi anzanu a ku Chimwemwe kapena ku Chifubu. Wina mwa inu ndi msungicuma. Kodi ali ndi buku? Kodi amawerenga pamaso pa gulu mwezi uliwonse? Kodi atsikana a mpira wa manja amalandirako gawo lao, kapena zonse zimathera kwa anyamata? Kodi amene anayenda ulendo wokagula majezi anabwezeredwa ndalama yake ya basi poyera, kuti asadzibwezere yekha mseri? Akuluakulu amene lero akusaina mapangano a mamiliyoni anayamba ndi kathumba konga kanu. Khalidwe limene munthu waphunzira pa ndalama zocepa ndi limene amapita nalo ku ofesi yaikuru.

Masewera ndi abwino. Amalimbitsa thupi, amaphunzitsa kugwirizana, ndipo amacotsa acinyamata ku mowa ndi ku njuga. Cifukwa ca ubwino umenewu, ayenera kukhala m'manja mwa anthu amene timawalipira mokwanira ndi poyera, ndipo timawafunsa mafunso oyenera. Tsiku lina mmodzi wa inu adzapatsidwa makiyi a ofesi yotere. Patsikulo mudzasankhe kukhala munthu amene angathe kutsegula mabuku ake pamaso pa wophunzira wosauka kwambiri pa sukulupo, mtima uli m'malo.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Mkulu wina wabweretsa zikho zitatu koma wasiya ngongole yaikuru. Wina sanabweretse cikho koma ophunzira ambiri ayamba kusewera ndipo mabuku ali bwino. Inu mukadakhala olemba nchito, mukadasunga uti? Cifukwa ciani?

2. Kodi n'koyenera kuti wophunzira amene sakonda masewera azilipirako ndalama za masewera? Ngati n'koyenera, iye ayenera kupindula ciani?

3. Kodi malipiro a munthu wolipidwa ndi ndalama za anthu onse akhale cinsinsi cake, kapena eni ndalama ali ndi ufulu wowadziwa?

4. Kodi gulu lanu linawerenga liti komaliza ndalama zake pamaso pa onse? Ngati papita nthawi, mugwirizane tsiku lero lomwe.